Mawu a Bambo Geresomo Anathera pa Batani Limodzi

Panali munthu wina wa ku Marka kumalire kuja, dzina lake Lorenso, mwana wamwamuna yekhayo wa bambo Geresomo amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kudzakhazikika kuno. Nkhaniyi ndi yoona, oiona ndi maso alipo.

Lorenso ankagwira ntchito ya mu ofesi ku boma la Nsanje, ndipo pa laputopu ankadzimva kwabasi. Mnzake wina wa ku Blantyre anamuikira pulogalamu yolembera ya sikirini yakuda bii, yosafuna mausi. Pulogalamuyo ili ndi nkhope ziwiri. Ikakhala pa nkhope yolemba, ukadina chilembo chimalembeka. Ukangodina kabatani ka pakona imatembenukira pa nkhope yolamula, ndiye zilembo zomwezo zimasanduka malamulo: china chofufuta mzere, china chousamutsa, china chotseka zonse. Mnzakeyo anamuchenjeza.

"Uyambe waphunzirira pa zinthu zopanda pake, aise. Usalemberepo zofunika usanadziwe kusunga ndi kutuluka."

"Zing'onozing'ono izi," anatero Lorenso.

Tsono bambo Geresomo anali ndi chinthu chowadya mumtima chiwolokereni malire. Pothawa paja anasiya khanda lawo loyamba, Esinala, m'manja mwa anthu a mudzi wina wa m'njira, poti linkadwala ndipo silikanapirira ulendo. Ukangoyamba nkhaniyo, iwo ankadzuka n'kuchokapo. Koma matenda atawagwetsa, anatuma mawu kuti Lorenso abwere, amuuze komwe mwanayo anatsala.

Lorenso anafika ndi laputopu kukhwapa. Mlongo wake Otilia, amene ankadwazika bambowo, anamuimitsa pakhomo.

"Achimwene, tengani foni yangayi muwajambule mawu. Kapena pepala ndi cholembera, zikuvutani chiyani?"

"Nkhabe, ayi, Otilia! Umu ndimaika mitu bwinobwino, midzi payokha, mitsinje payokha, maina payokha. Foni yakoyo uzimverera kwaya."

"Ndiye ndikhale nawo ndizimva."

Koma bambo anakweza dzanja n'kumuloza kunja. Kwa iwo nkhani ya mtundu imauzidwa kwa mwana wamwamuna basi. Otilia anatuluka, n'kukayanika nsomba zake kuseri.

Nkhalamba inayamba kuyankhula m'Chisena, motsitsa, ikupumira m'njira. Inatchula mudzi, inatchula mwini nyumba, mkazi wake, mtsinje wowoloka, njira yokhotera. Lorenso maso ali pa sikirini, zala zili kalikiliki, akusamutsa mizere uku ndi uku kuti mitu ikongole. Mawu ankachoka kukhutu n'kutsikira kuzala osadutsa m'mutu.

"Walemba, mwananga?"

"Zonse, baba."

"Ukam'peze. Ukamuuze kuti sindinam'taye."

Lorenso anadina mabatani awiri amene anazolowera kusungira nawo pa pulogalamu yake yakale. Umu sagwira ntchito imeneyo, koma iye mumtima anati zasungika. Batire linali litatsala pang'ono kufa, magetsi kulibe, ndiye anathamangira kumsika kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola.

Atalumikiza, anafuna kutuluka m'pulogalamumo kuti atumize zolembazo pa foni. Wadina apa, ayi. Wadina apo, zilembo zikungolumpha. Thukuta kamukamu. Pabenchi panali mlendo wina wovala bwino, akudikira kumetedwa, amene anati dzina lake ndi Paison.

"Bwana, imeneyo ndimaidziwa ine. Anthu amakalambira momwemo osatuluka. Bweretsani kuno."

Paison anadina kabatani ka pakona, n'kulemba lamulo lotseka. Pansi panatuluka mzere wofiira.

"Ikuti sindinasunge," anatero Lorenso.

"Imaopseza choncho nthawi zonse. Si munasunga kale inu?"

"Eya, ndinasunga."

"Ndiye timangoikakamiza."

Paison anawonjezera kachizindikiro ka mfuwuliro, kaja ka ndodo ya dontho pansi, n'kudina. Pulogalamu inatsekeka. Ometa anamuitana, anakhala pampando n'kuyamba nkhani za mpira.

Lorenso anatsekulanso. Mbee! Munalibe ngakhale chilembo. Anaimbira mnzake wa ku Blantyre uja. Mnzakeyo anafunsa zomwe anadina, Lorenso n'kumuuza.

"Aise, waiuza wekha kuti itaye zonse. Yamvera."

Lorenso anasiya laputopu pomwepo n'kuliyatsa liwiro la kunyumba. Anapeza Otilia atagwada pamphasa, akudonthezera bambo madzi pakamwa. Maso a nkhalamba anali otsekula koma lilime litalemera. Lorenso anagwada, anapempha, analira kuti baba bwerezani dzina la mudzi lokha. Bambo anangomuyang'ana mwa mtendere, ngati munthu amene watula katundu wake. M'mawa mwake anatisiya.

Maliro atatha, Otilia anam'khazika pansi mchimwene wake.

"Chabwino, makina adya. Nanga inu? Munali pomwepo, makutu muli nawo. Anati mudzi wanji?"

Lorenso anagwira mutu. Anafinya, anafinya.

"Ndikukumbuka kuti anati pali mlambe waukulu."

"Mlambe?"

"Eya, pafupi ndi njira."

Otilia sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, kuchokera pano mpaka ku Zambezi ndi milambe yokhayokha." Anatola dengu lake n'kulowa m'nyumba.

Lorenso anawolokako malire kangapo, akufunsa m'midzi za khanda losiyidwa nthawi ya nkhondo. Kulikonse ankamuyankha chimodzimodzi: analipo ambiri, inu mukunena uti? Esinala ngati ali moyo, lero ndi mayi wamkulu, ndipo akuganizabe kuti bambo ake anam'taya.

Phunziro: Chida chomwe sunachidziwe bwino usachiyesere pa chinthu chosabwerezeka. Makina akakuchenjeza, ima uwerenge, usapereke kwa munthu wongokumana naye pabenchi. Ndipo mkulu akamayankhula, mvera ndi mutu wako, zala zibwere pambuyo. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja makolo awo akadali ndi mawu oti anene.