Mbali ya Kukhomo

Mafani a m'holo ya chipatala anafa kalekale, ndipo anthu ankangodzikupiza ndi manja. Mkulu wa chipatala anabwereza funso lake. Thumba la ndalama linali lokwana chinthu chimodzi basi: kukonza makina okalamba osefa magazi a odwala impso, kapena kutsegula chipinda cha ana obadwa masiku osakwana.

"Sankhani nokha, eni ake," anatero. Kusamba m'manja kwaulemu kumeneko.

Mayi telala anali atalankhula kale mpaka mawu kusasa. Mwamuna wake anali moyo chifukwa cha makinawo. Tsiku lodzaima makina, iye adzavala zakuda.

Kenaka anaimirira kalipentala, uja wokhoma mabokosi a maliro kuseri kwa msika. Kutentha konseko iye ali m'malaya a manja aatali, nsapato zosamanga zingwe. Atamupatsa madzi, anakankhira kapu kumbali. Matama, anatero telala chamumtima.

"Ndatopa kukhoma timabokosi totalika ngati mkono wangawu," anatero kalipentala. "Akuluakulufe tadyako. Anawa sanalaweko n'komwe."

"Eya, bokosi lalikulu ndiye lili ndi phindu!" anakuwa telala. "Amuna athu mukuwaona ngati malonda. Kwanu kulibe wodwala, bambo inu!"

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Kalipentala anakhala pansi.

Voti inali ya miyendo: ofuna makina apite kuwindo, ofuna chipinda cha ana apite kukhomo. Atawerenga, mbali ziwirizo zinafanana ndendende. Anatsala kalipentala yekha, akukoka mapazi pakati pa holo ngati wasenza thumba la simenti. Telala anamuyang'ana mopempha, ukali wonse utathawa. Kalipentalayo analowera kukhomo.

Telala anadana naye, chidani chimene anali asanachimvepo chibadwire. Anthu akutuluka, anapita kukamudikirira pakhomo pomwepo, mawu olasa ali okonzeka pakamwa.

Koma namwino wa kuchipinda cha impso anayamba ndiye kufika. Anagwira dzanja la kalipentala n'kupinda malaya aja. Pamkonopo panali mtsempha wotupa, wodzaza zipsera za singano, wofanana ndi umene telala amapukuta pamkono wa mwamuna wake.

"Mapazi atupanso," anatero namwino motsitsa mawu. "Mawa mubwerebe, bambo. Tizikusefani mpaka tsiku limene makinawo adzaime."