Nyenyezi ya Malemu Eduardo

Msomali unamupulumuka Januário kachitatu n'kugwera m'fumbi. Zaka khumi ndi zisanu akukhoma nambala za galimoto m'kashedi kake ka malata, m'mphepete mwa msewu waukulu wa ku Moatize, msomali unali usanamupulumukepo chotere.

Galimoto imene ankaikhoma nambala lero inali kalole kokalamba, konunkha anyezi ndi mbatata ya kachewere. Mwini wake, mtsikana wotchedwa Silvia, anali atatsika nako kuchokera ku Zóbuè m'mawa womwewo. Nambala anabwera nayo ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Sinali nambala wamba. Pakona pake panali nyenyezi yofiira, ya asilikali amene analandira mendulo pa nkhondo, kapena ya mabanja awo ngati eniakewo anatisiya. Apolisi a pamsewu akaiona ankawongoka, dzanja pachipumi, galimoto n'kudutsa osaisecha.

Mapepala ake anali olongosoka. Januário anawawerenga kawiri, ndipo dzina linali lomwelo: Eduardo Pililani, anafera pa mlatho mu 1987, akuteteza anzake.

Silvia anali wolankhula. Atatsamira chitseko cha galimoto, anafotokoza kuti zaka zinayi zathunthu wakhala akupondaponda m'maofesi a ku Tete kufuna nyenyeziyo. Anati bambo akewo anamusiya ali kumsana, nkhope yawo sakuidziwa. Thupi silinapezeke, choncho kumudzi anaika m'manda thunthu la nthochi, maliro n'kulira mpaka kumeta. Chaka chilichonse dzina lawo limatchulidwa m'tchalitchi, ndipo amayi ake, a Leopoldina, amakhala kutsogolo mendulo ili pachifuwa. Amuna anabwera ambiri kudzawafunsira amayiwo, onse anabwerera pakhomo.

Januário ankangoti "ee, ee." Ngwazi! Ngwazi yake iti? Iye analipo pa mlatho paja tsiku limenelo, dzuwa lili paliwombo. Mfuti zitayamba kulira m'tchire ndipo lole yoyamba itagwira moto, Eduardo sanaombe ngakhale chipolopolo chimodzi. Anaponya mfuti m'bango, anavula malaya a usilikali, n'kuliyatsa liwiro la ku Malawi osacheuka. Amene anaimadi pa mlathopo anali ena, anyamata a kutali, amene anapsa mpaka osazindikirika. Mayina anasokonekera m'mapepala, ndipo ulemu unagwera wothawa.

Nkhani imeneyi Januário anali asanauzepo munthu. Anaisunga m'misasa ya othawa nkhondo ku Mwanza, anabwera nayo mtendere utafika, anakalamba nayo muno m'fumbi la malasha, wopanda mkazi, wopanda mendulo, akukhoma nyenyezi pa magalimoto a anzake. Tsono lero ankafunitsitsa kuiulula.

Anadziwa bwino lomwe mtengo wake. Atangotsegula pakamwa, nyenyeziyo ibwerera ku Tete. Mpando wa a Leopoldina m'tchalitchi uja utha. Mtsikanayu, amene anakula akuloza manda monyadira, asanduka choseketsa pamsika wonse wa Zóbuè. Koma kukhala chete nakonso kunali kutamutopetsa. Munthu angameze bodza zaka zingati?

Anadzuka, anakamwa madzi, anabwerera. Anasintha nyundo popanda chifukwa. Anayeza nambala ija, anaichotsa, anaiyezanso. Silvia anayang'ana dzuwa n'kunena kuti ayenera kukafika kwawo kusanade, chifukwa msewu wa kumtunda uli ndi maenje.

"Mayi," anayamba Januário, mawu ali okakamira, "Eduardo ameneyu ine..."

Lole ya malasha yochokera ku mgodi wa ku Chipanga inadutsa ndi chiphokoso chake, malata a shedi n'kunjenjemera. Fumbi lakuda linawakuta onse awiri. Pamene linkatsika, mtima wa Januário unali utabwerera m'mbuyo. Anagwada, anakhoma misomali inayi yonse, kenaka anapukuta nyenyezi ija ndi mkono wa malaya ake. Anadzida yekha chifukwa cha mantha akewo.

Silvia anagwedeza nambalayo ndi dzanja kuti aone ngati yalimba. Anayamikira ntchito, analowa m'galimoto n'kuiliza. Januário anaima pambali, nyundo ili m'manja. Akachoka ameneyu ndiye kuti basi, mpata wina sudzapezekanso. Anathamangira pawindo.

"Dikirani, mayi. Pali zimene simukuzidziwa. Bambo anu sanafere pa mlatho."

Anayembekezera kulira, mwina kutukwanidwa, mwinanso kumenyedwa khofi. Silvia sanazimitse n'komwe injini. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku imvi mpaka ku nsapato zong'ambika, mosathamanga, ngati munthu amene akufuna adzakumbukire bwino.

"Amisiri okhoma nambala ndawadutsa atatu kuti ndifike pano," anatero motsitsa mawu. "Amayi anakuonani chaka chatha ali m'basi, ndipo anakuzindikirani ndi kayendedwe, ngakhale munasintha dzina. Anati ndibwere, muone mmene mwana wanu anakulira. Koma ku Zóbuè musadzapondeko, ababa. Kumeneko munafa bwino."