Dziko la Madzuwa Atatu

"Ndinaliona ndi maso angawa," anatero woyimba wina, akusendera pafupi ndi maikolofoni. "Dziko lofiirira, la madzuwa atatu. Nyimbo yangayi inabadwira pomwepo."

Nyimboyo inali itavuta m'tauni monse, ndiye a wailesi anamuitana kuti adzacheze limodzi ndi mayi wina wophunzitsa za nyenyezi.

Mayiyo anavula magalasi. "Munalionera pa chiyani, bambo?"

"Pa makina oonera kutali aja. Kwa mnzanga."

"Ine zaka zonsezi ndikuyang'ana kumwamba sindinalipezepo. Lili mbali iti?"

Woyimbayo dzikolo analipeza m'gemu ya zombo zam'mlengalenga, pafoni yomwe analanda mwana wake wamkazi ati ikumusokoneza sukulu. Akanangoti ndi maloto chabe, ndani akanamuimba mlandu? Koma pakamwa panali patatsogola kale.

"Chakumpoto," anayankha chapansipansi.

Mwamwayi muulutsi analowererapo. "Tili ndi womvera pa lamya. Takulandirani!"

"Zikomo achimwene. Ndimafuna alendo anuwo, oyimbawo."

Woyimbayo anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo. Anali mkazi wake.

"Bambo a mwana, mwana wanu akuti mukamabwera mum'bwezere foni yake. Akutinso dziko lanulo musalitame kwambiri. Iye analidutsa kalekale, inu ndi amene mwakanirira pomwepo."

Mayi wa nyenyezi anavalanso magalasi ake mwakachetechete. Muulutsi anangoika nyimbo ija, ndipo mwini wake anaimvera yonse maso ali pansi.