Suti ya Walusungu

Timu ya hoke ya pa ayezi italowa m'bwalo, Mable anawerenga mayina kumsana kwa majezi onse. La mwana wake Walusungu panalibe.

Anamuona pakati pa owonerera, m'suti ija anamusitira m'mawa monyadira. Sankadziwa kuti pano suti amavala ndi osewera amene sanasankhidwe. Azimayi akutchalitchi omwe Mable anabwera nawo kuchokera ku Tottenham anapinda mbendera zawo mwakachetechete.

Nthawi yopuma Mable anakamupeza kochi wa timuyo pakhonde.

"Kodi mwanayu adzasewera liti?"

"Akadali wamng'ono, sitikufuna kupupuluma naye. Tiyeni tidikire," anatero kochiyo m'Chingerezi, dzanja lili paphewa la Mable, maso ali kukhoma.

Mable analiyang'ana dzanjalo. Iye ndi nesi. Kuwodi, achibale akamufunsa ngati wodwala wawo achire, iye akudziwa kale kuti sachira, dzanja amaliika paphewa pomwepo.