Timabowo ta pa Mphuno ya Shaki

Padangokhala Nkhanu ndi chinsomba chachikulu chotchedwa Shaki, anansi a pansi penipeni pa nyanja yamchere, kumene dzuwa silifika. Nkhanu ankanyadira maso ake otong'oka, ndipo ankaseka timabowo todzaza pa mphuno ya mnzakeyo.

"Achimwene, nkhope ngati sefa chonchi, phindu lake n'chiyani?"

Tsiku lina phiri la matope linagumuka n'kukwirira mkazi wa Nkhanu. Mwamunayo anathamanga uku ndi uku, maso ali tong'o, koma sanaone kanthu. Anapita kwa Shaki kukapempha thandizo.

"Chamoyo chilichonse chimatulutsa timagetsi tochepa mtima ukamagunda," anatero Shaki. "Timabowoti timamva zimenezo, ngakhale pansi pa matope."

Anayendetsa mphuno pamwamba pa matopewo, Nkhanu ali pambuyo pake. Anazungulira kawiri osapeza. Kenaka anauza Nkhanu kuti aime patali, ndipo posakhalitsa anati, "Kumbani apa."

Mkaziyo anatuluka wamoyo, akulavula matope.

"Munachedweranji, alamu? Mpweya unatsala pang'ono kundithera."

"Funsani amuna anuwa," anayankha Shaki akumwetulira. "Mtima wawo umagunda kwambiri moti wanu sumamveka."

Nkhanu anabisa maso ake mwamanyazi, mkazi wake n'kumugwira dzanja. Kanthano kanga kagona pamenepo.