Alendo Odzaona Malo

Foni italira, Callista anathamangira pachulu pamene pamagwira netiweki, khasu lidakali m'manja.

"Tikuchita kafukufuku wa zokopa alendo, mayi," anatero mtsikana pafonipo. "Kodi ku Dambeko kumabwera alendo odzaona malo?"

Dzana lomweli Davie, mlongo wake wa Callista, anabwera ndi amuna a nsapato zoyera, n'kuzungulira munda wa mbatatesi umene mayi awo anasiyira Callistayo, akulozerana malire.

"Wakutumani ndani? Davie eti? Mukamuuze kuti malo ano sagulitsidwa!"

Mtsikanayo anaseka. "Ayi mayi, ndikunena odzaona mapiri, ongoyenda basi."

Maso a Callista anali kumunda, kumene a nsapato zoyera aja anali atabweranso, lero atanyamula chingwe choyezera malo.