Njerwa Yachisanu

"Ikani ina, ababa, sikagwa," anatero mtsikanayo.

Bambo ake anasanjika njerwa yachisanu pa kamlatho ka timitengo ndi ulusi kamene kanadutsa pakati pa mipando iwiri pabalaza. Kanalira pang'ono, koma sikanagwe. Abwana awo a kuntchito, amene anabwera kudzacheza, anawomba m'manja.

Mayi a mwanayo anaima pakhomo la kukhitchini, zala zili gwa ndi guluu. Anasiya ntchito yojambula mapulani a milatho zaka zitatu zapitazo, amuna awo atalamula kuti mwana aziphunzirira pakhomo. Kamlathoka kanagwa kanayi sabata imeneyo, ndipo ulendo uliwonse mayiwo ankagwada pansi ndi mwana wawo, kufufuza pamene pathyoka.

"Mutu umenewu anatengera ine," anatero bambowo akudziguguda pachifuwa. Munthu woti chitseko cha kubafa chatha chaka chikudikira msomali wake!

"Nanga mayi amagwira kuti?" anafunsa abwana.

"Awa? Amangokhala."

Abwana anawerama n'kuloza timitengo tapamwamba topaka utoto. "Mphamvu yake ili apa eti?"

"Ayi, ito n'tongokongoletsa," anayankha mtsikanayo. "Kamene kasenza zonse kali pansi, sikaoneka. Amama amati umakadziwa tsiku limene kathyoka."

"Amake mwana, tiyi uja bwanji?" anaitana bambowo osacheuka n'komwe.

Mayiwo analowa m'khitchini. Akutsuka makapu, anamva amuna awo akuuza mwana mokondwa kuti, "Kakadali kolimba aka. Thamanga, katenge njerwa ina."